Matikiti a Mkokomo

Pa yunivesite panalibe munthu wosawadziwa a Mkokomo, ndipo iwo zimenezi ankaziyesa digiri. Ntchito imene ankalandirira malipiro inali ya umesenjala ku ofesi ya kalembera. Ankanyamula mafayilo kuchoka pa tebulo ili kupita pa ilo, kuwiritsa madzi a tiyi, ndi kukaima pamzere ku banki m'malo mwa mabwana. Koma mukawafunsa ntchito yawo, ankayamba akonza kolala, kenako n'kukuuzani kuti iwo ndi wapampando wa masapota a timu ya mpira wa miyendo. Pa mpandowo palibe anawasankha. Anangodzuka tsiku lina ali nawo, ndipo anzawo anaona kuti kulimbana ndi munthu wa kholingo lotero n'kungodzipweteka makutu.

Anafika pamalopo ali mnyamata, bwalo la masewero likumangidwa, ganyu yawo ili yokankha wilibala ya mchenga. Bwalo litatha anzawo anabalalika, iwo anakakamira. Tsiku lotsegulira analowa mozemba, ndipo chigoli choyamba chitalowa anakuwa mpaka mkulu wina wa yunivesite anatembenuka n'kufunsa kuti mkokomowo ukuchokera kuti. Dzina linamera pomwepo, umesenjala unatsatira mwezi womwewo. Zaka zonse zimene anakhala pakati pa anthu ophunzira, chimene anatolapo n'chakuti kukuwa kumalipira ngati ukukuwira pafupi ndi mabwana. Phunziro limeneli analigwira ndi manja awiri.

Mpira weniweniwo sankauonera. Ankaima m'munsi mwa masitepe okhalapo anthu, msana ku bwalo, nkhope ku khamu, manja m'mwamba. Chigoli ankachiwerenga pa nkhope za anthu. Kangapo konse anavinira chigoli cha adani, n'kudzazindikira ataona anzawo agwira kumutu, ndipo zikatero ankati amawalimbitsa mtima anyamata. Timu yakeyo inali yogonja mokhulupirika, chaka ndi chaka, koma izi sizinkawakhudza. Iwo anali ndi jekete ya timu, mpando wa kutsogolo m'basi pafupi ndi dalaivala, ndi mbale yawo pa tebulo la osewera timu ikapita koyenda. Akamatsika m'basi ankatsika oyamba, kochi pambuyo.

Ankakhala m'malayini a antchito, kuseri kwa khitchini ya ophunzira, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe inkanunkha utsi wa eni ake ndi wa yunivesite womwe. Jekete ija inkagona pa msomali pamwamba pa bedi, itakutidwa pulasitiki, pamene zovala za ena onse zinkapanikizana m'katoni. Akazi awo anali telala. Makina awo anali pakhonde, ndipo makinawo ndiwo ankagula sopo, makala ndi nsapato za mwana. Malipiro a bambo ankathera pa kukhala wapampando, chifukwa wapampando sangamwe yekha anthu ake akuyang'ana.

Mwana anali mmodzi, wamkazi, wamtali moti anzake anam'patsa dzina loti Nsungwi, ndipo ngakhale mayi ake anazolowera kumuitana choncho. Nsungwi ankasewera mpira wa manja. Ankaponya zigoli ngati akuika mbale pa thandala, osathamanga, osatuluka thukuta lambiri. Mpirawo ndiwo unam'lowetsa pa yunivesite. Anam'patsa basale ya osewera, yolipira fizi, chipinda ndi chakudya, ndipo iye ankaphunzira za uphunzitsi wa masamu. Popanda basaleyo, mwana wa mesenjala akanangoidziwira yunivesite kukhitchini. Timu ya Nsungwi inkabweretsa zikho, zikho zake n'kumachita fumbi mu ofesi ya a Dayilekitala a zamasewero. A Mkokomo ankanyadira mwana wawo pamowa, koma sanapondepo mu holo imene ankasewerera. Ankati nthawi imawombana, ndipo kwa anzawo ankaonjezera kuti mwamuna wa ndevu sangakakuwire mpira wa masiketi.

Kenako kunagwa mliri. Mageti a bwalo anawamanga tcheni, ophunzira anatumizidwa kwawo, m'misewu munangoti zii. Anthu ankamwalira, maliro n'kumaikidwa mothamanga ndi anthu ovala zoyera thupi lonse. A Mkokomo anamva chisoni ngati wina aliyense, koma kunena zoona chimene chinkawawawa kwambiri chinali kansalu kophimba pakamwa pawo. Ankazungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira, kuyambitsa nyimbo pakhonde, osapeza wovomera. Akazi awo anasiya mayunifomu n'kuyamba kusoka mamasiki, ndipo banja linadya.

Sukulu itatsegulidwanso, masewero anayambiranso koma opanda oonera. Apa m'pamene zinadziwika kuti zamasewero zonse pa yunivesite zinkakhalira ndalama za pageti. Kampani ya zakumwa yomwe inkagula mayunifomu inabwera ndi lole n'kuzula zikwangwani zake. Thumba linabooka. Mabwana anachita zimene mabwana amachita thumba likabooka: anapanga komiti. Komitiyo inapita kukakambirana za umphawi wa yunivesite ku hotela, ndipo inabwerako masaya akunyezimira, ili ndi mfundo imodzi. Pa matimu awiri aakulu, ya mpira wa miyendo ndi ya mpira wa manja, imodzi ithe, pamodzi ndi mabasale a osewera ake.

Njira yosankhira ndiyo inali yoti munthu useke kapena ulire. Anthu a madigiri osanjikiza, ena a imvi mpaka m'makutu, anagwirizana kuti m'nyengo yoletsa anthu kusonkhana, timu aiyeze ndi kuchuluka kwa anthu oisonkhanira. Boma linali litangolola misonkhano ya anthu osapitirira zana limodzi. Tsono komiti inati Loweruka lina matimu onse awiri asewere nthawi imodzi, ina pabwalo, ina mu holo. Matikiti akhale zana, mwini tikiti alowe kumene mtima wake wafuna, ndipo komiti idzazungulira n'kuona kumene kuli anthu. Zikho sanaziike pa sikelo. Nsungwi anali atatsala ndi chaka kuti amalize.

A Dayilekitala a zamasewero anali bambo wa mimba yotsogola, amene mpira womaliza anaumenya ali ku pulayimale. Mtima wawo unali ku mpira wa miyendo, osati chifukwa cha mpirawo, koma chifukwa timu imeneyo ndiyo inali ndi maulendo ogona kutali. Anawaitanitsa a Mkokomo ku ofesi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, mesenjala anauzidwa kuti akhale pa mpando. A Mkokomo anakhala cham'mphepete. Bwana anakankha envelopu ya matikiti onse n'kunena kuti odziwa anthu a mpira ndi a Mkokomo, agawe mwanzeru. Anaonjeza kuti timu ikapulumuka padzakhala udindo watsopano wa ofisala wa masapota, wokhala ndi tebulo lake ndi dzina pachitseko.

A Mkokomo sanali chitsiru chotheratu. Anadziwa kuti envelopu imene ili m'manja mwawo ndi sukulu ya mwana wawo.

"Bwana, paja mwana wanga ali ku timu inayo," anatero motsitsa mawu, chinthu chimene chinali chachilendo pakamwa pawo.

"Za mwana wanu tidzaona," anatero a Dayilekitala akuyang'ana pa foni. "Si ife anthu amodzi, Apampando?"

Mawu oti anthu amodzi anawakwanira. Anatuluka mu ofesimo akuyenda mothimbwidzika, envelopu pachifuwa, akudziuza kuti munthu amene wakhala pa mpando wa bwana sangam'thamangitsire mwana.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, chifukwa m'malayini nkhani siyenda pansi. Akazi awo anaimitsa makina n'kulankhula mosakweza mawu. Anati sakupempha matikiti onse. Awapatse gawo chabe, iwo aitana matelala anzawo ndi amayi a m'malayini, akadzaze ngakhale mabenchi awiri, komiti ikaone kuti atsikana nawonso ali ndi eni ake. Nsungwi anali atabwera kudzaona mayi ake. Anakhala pa sitepe akumanga bandeji pa bondo, osatukula mutu.

A Mkokomo anayankha ndi msonkhano. Anakamba za udindo, za anthu amene amawadalira, za mmene a Dayilekitala anawagwirira paphewa, ngakhale kuti sanawagwire. Atatopa ndi mawu awo omwe anavomera. Anapatula mulu wabwino ndithu, woti ukanadzaza mabenchi atatu, n'kuuika m'thumba la m'kati la jekete. Panthawi imeneyo ankatanthauzadi, ndipo anamva kukoma kwa kukhala tate wabwino.

"Ndipatseni pompano, bambo a Nsungwi," anatero akazi awo, dzanja lili tambasu.

"Wapampando sagawira matikiti kuchipinda ngati maswiti. Mudzalandirira pageti, anthu akuona."

Mayiyo anabweza dzanja n'kuponda makina. Masiku otsatirawo anasoka mamasiki a mtundu wa timu ya mwana wawo, ndi nsalu yogula okha, kuti aliyense wa gulu lawo adzavale.

Loweruka lija pageti lalikulu panali ndowa ya madzi, sopo womangirira chingwe, ndi mlonda woloza anthu kamakina pamphumi. A Mkokomo anapatsidwa tebulo. Anavala jekete ngakhale dzuwa linali lophulitsa mutu, masiki ili pachibwano. Anayamba ndi oyimba awo, a ng'oma, ndi onse amene anawagulirapo botolo, ndipo envelopu inaphwa msanga. Anthu ankawapempha mogwada mawu, ena amene masiku onse sankawayankha moni. Moyo wawo wonse anali asanakomedwepo chonchi.

Envelopu itatha kunafika magalimoto atatu. Munatuluka alamu a a Dayilekitala, madokotala awiri a mabuku, ndi azimayi awo onunkhira, anthu oti mukanawafunsa mtundu wa yunifomu ya timu akanayang'anana. Dokotala mmodzi anatambasula manja ali patali.

"Apampando! Ife tingabwerere pageti inu muli pano?"

Palibe anawakakamiza. Palibe ngakhale anadziwa kuti m'jekete muli kanthu. Akanatha kunena kuti atha, n'kupepesa, ndipo anthuwo akanapita kukamwa kwina osadandaula. Koma dokotala wa mabuku anali atawaitana ndi udindo pamaso pa alonda. Dzanja linapita lokha m'thumba la m'kati. Anagawa akuseka, akugundana nawo zigongono, ndipo otsala anawapatsa achinyamata ena amene anayamba kuyimba dzina lawo ataona kuti thumba latseguka.

Akazi awo anafika ndi gulu lawo lili ndondondo, amayi ovala bwino, mamasiki ofanana, wina atanyamula belu la m'kalasi lobwereka. Anaima patsogolo pa tebulo. A Mkokomo anasisita thumba lina, n'kusisitanso linzake, ngati munthu amene akukhulupirira kuti matikiti amaswana. Kenako anati adikire pang'ono, akukaonana ndi bwana, abwera pompano. Analowa m'bwalo ndipo sanatulukenso mpaka mpira unatha.

M'katimo anakuwa kuposa masiku onse. Anthu zana okhala motalikirana pabwalo la zikwi amaoneka ngati mbewu yomera mwa apo ndi apo, choncho a Mkokomo anathamanga uku ndi uku kuti phokoso lidzaze mipata. Mwina ankafunanso kuti asamve za m'mutu mwawo. Komiti inalowa, inaima pamthunzi, inagwedeza mitu. Timu inagonja ndi zigoli zitatu.

Za ku holo anadzazimva kwa mlonda. Amayi aja anapita konko n'kupempha, koma mlonda anali ndi lamulo lake ndi ana ake odyetsa, sanawalole. Anaima panja padzuwa, akumvera wisilo kudzera m'mazenera a m'mwamba, osadziwa ngati walira chifukwa cha chigoli kapena cholakwa. M'katimo atsikana anawakwapula alendo mopanda chisoni, Nsungwi akuponya osaphonya, mabenchi ali mbee. Komiti inasuzumira pakhomo, inaona kochi ndi namwino wa timu, inabwerera. Amayi oima panja sanawerengedwe, chifukwa mfundo inati anthu olowa.

Madzulo a Mkokomo anabwerera kunyumba mawu atasasa, atakonzeka kukalipiridwa. Anali atakonzanso mayankho panjira. Koma akazi awo sanawafunse kanthu. Anawaikira madzi osamba ndi chakudya monga masiku onse, n'kubwerera pa makina. Anakhala choncho tsiku limenelo, mawa lake, ndi sabata yonse. A Mkokomo anayesa kuyambitsa nkhani, kudandaula za woyimbira mpira, ngakhale kutsokomola mwadala, koma chinkawayankha chinali makina.

Chigamulo chinatuluka pa pepala la chidindo, ndipo poti mapepala a ku ofesi ya kalembera amanyamula ndi mesenjala, analinyamula okha. Analiwerenga panjira, milomo ikuyenda. Timu ya mpira wa manja yathetsedwa, mabasale a osewera ake atha kumapeto kwa mwezi, ofuna kupitiriza maphunziro adzilipirire. Anakalikhoma pa bolodi la kunja kwa laibulale, mapini anayi m'makona, molunjika bwino, chifukwa pa ntchito ya mapini anali waluso.

Kenako anathamangira kunyumba kukavala jekete n'kupita kwa munthu amene anali naye amodzi. Ulendo uno mpando sunatchulidwe. A Dayilekitala anamvetsera akusaina zina, n'kunena kuti za mabasale sizili m'manja mwawo, n'za komiti, ndipo komiti inamaliza ntchito yake. Akachitira mwana mmodzi, makolo a enawo adzati chiyani? Za tebulo ndi dzina pachitseko anati zidikire bajeti ya chaka chamawa, kapena chinacho. Anaonjeza kuti mliri wakulanso, boma latsekanso mageti, oonera saloledwa ngakhale mmodzi, ndipo m'basi muzikwera osewera okha.

"Koma musadandaule, Apampando, tili nanu," anatero. "Tsiku lija a zamawayilesi anakujambulani mawu. Tiziwaika pa zimkuzamawu mpira ukamaseweredwa, anyamata asamve kusungulumwa."

Apa munthu wina akanagwetsa tebulo, kapena akanavula jekete n'kuisiya pomwepo. A Mkokomo anaima chilili, nkhope ikusintha pang'onopang'ono. Zochititsa manyazi kuzinena, koma chimene chinatuluka pakamwa pawo chinali funso loti kodi mawuwo anamveka bwino. Bwana anati anamveka bwino kwambiri, ndipo iwo anathokoza. Manyazi anadzawapeza ali kale pa masitepe, ndipo anawapeza ndithu, moti anakhala pansi kaye.

Akazi awo anayesa zimene akanatha. Anayenda m'maofesi, anapita kwa achimwene awo, anafunsa mtengo wa makina awo kwa telala mnzawo. Zonse kuziphatikiza sizinafike ngakhale pa theka la fizi ya teremu imodzi. Nsungwi ndiye anawaletsa kugulitsa makinawo. Anati apita kwa azakhali ake ku tauni ina, kumene kunali malo a wogulitsa m'sitolo ya zitsulo, ndipo za sukulu adzaziona zinthu zikadzasintha. Anazinena mosalira. Aliyense m'nyumbamo anadziwa kuti amene wachoka choncho kawirikawiri sabwerera.

Tsiku lotuluka m'chipinda chake cha ku hostelo linali Loweruka. M'mawa wake mayi a Nsungwi analankhula ndi amuna awo koyamba chichitikire zija, maso ali pa singano.

"Pitani mukanyamule chikwama cha mwana wanu."

Anapita opanda jekete. Anam'peza Nsungwi atamanga kale zonse, bedi lili mbulanda, makiyi atabweza. Anasenza chikwama paphewa, cholemera ndi mabuku, ndipo anatsogola. Panjira anayesa kulankhula. Anati chaka chamawa adzakambirana ndi anthu, iwo amadziwana ndi akuluakulu, zimenezi ndi zakanthawi. Mwanayo ankangoti, "Chabwino, ababa," mwaulemu, ngati akuyankha mlendo wa m'basi.

Njira yopita kokwerera basi inkadutsa kuseri kwa khoma la bwalo. Mageti anali pa tcheni, pamalo oimika magalimoto panalibe ngakhale njinga, koma m'kati timu inali kusewera. Atafika pakati pa khomalo, zimkuzamawu zinalira. Kunayamba ng'oma, kenako khamu losakhalapo, ndipo pamwamba pa zonsezo panabwera mawu a Mkokomo, aakulu kuposa mwini wake, akugunda m'masitepe opanda munthu.

"Ana anga inu! Ine ndili pano! Sindingakutayeni, ana anga!"

Nsungwi anaima. Anamvetsera mpaka mawuwo anatha, ndipo atayambiranso pachiyambi, poti makina satopa, anamvetseranso. Bambo ake anayang'ana pansi, thukuta likutsikira m'khosi, akulakalaka magetsi atazima. Mwanayo anatembenuka, ndipo poti anali wamtali kuposa iwo, sanavutike kuchotsa chikwama paphewa pawo.

"Bweretsani, ababa, ndifika ndekha," anatero. "Ana anu akukufunani uko."

Anachikoleka paphewa n'kupitiriza ulendo, osacheuka. A Mkokomo anatsala pakhomapo manja ali lende, ndipo kuseri kwake mawu awo anapitiriza kulonjeza.